Vinyo "Wouma" ndi Nyama "Yofiira": Ndemanga pa Kapepala Kena ka ku Nsanama

Pa msika wa Nsanama, m'boma la Machinga, ndidalandira kapepala kofotokoza za vinyo wofiira wopangidwa kuchokera ku chidede. Eni ake adachita bwino kukalemba m'Chichewa, pakuti malonda otere kawirikawiri amalengezedwa m'Chingerezi chokha. Adachitanso bwino kusankha liwu lakuti "vinyo", lomwe tidabwereka ku Chipwitikizi kalekale ndipo aliyense wowerenga Buku Lopatulika amalidziwa, m'malo mwa "wayini". Koma pofotokoza kakomedwe ka vinyoyo ndi zakudya zoyanjana naye, womasulira adangotsata Chingerezi liwu ndi liwu, ndipo tanthauzo lidasokera.

Choyamba, kapepalako kakuti vinyoyo ndi "wouma". Kodi chakumwa chingaume bwanji chikadali m'botolo? Mngerezi akati "dry" amatanthauza kuti shuga yense wasanduka mowa pofufumitsa, kotero kuti palibe kutsekemera kotsalira. Liwu loyenera tili nalo kale: wosatsekemera. Tili ndi masitepe akenso: wotsekemera, wotsekemerako, wosatsekemera. Choopsa ndi chakuti wowerenga wina angaganize kuti "wouma" ndiye kuti woumitsa m'kamwa, monga imachitira nthochi yosapsa kapena jambula. Imeneyo ndi nkhani ina. Kuumitsa m'kamwa kumadza ndi michere yotchedwa "tannin", yopezeka m'makungu ndi m'njere za mphesa. Zinthu ziwiri zosiyana zisapatsidwe dzina limodzi.

Chachiwiri, kapepalako sikadatchule konse chimene lilime limayamba kumva pa chidede, ndicho kuwawasa. Mayi aliyense amene adatendera masamba a chidede kapena a limanda amadziwa kuti nsinjiro ndizo zimaziziritsa kuwawasako. Pano tisamalenso kusiyanitsa kuwawasa, kwa bwemba ndi mandimu, ndi kuwawa, kwa tsabola kapena kwinini. Wogula akawerenga kuti vinyo ndi "wowawa" adzabweza botolo.

Chachitatu, tikuuzidwa kuti vinyoyu amayanjana ndi "nyama yofiira", osati nsomba. Kwathu kuno nyama timaitchula ndi mwini wake: ya ng'ombe, ya mbuzi, ya nkhosa. Koma vuto lalikulu si liwu lokhalo ayi. Lamulo lakuti vinyo wofiira ndi wa nyama, woyera ndi wa nsomba, lidabadwira kwa anthu omwa vinyo wa mphesa, monga Pinotage wa ku South Africa, mtundu womwe udapezeka ku Stellenbosch m'chaka cha 1925 pokwatitsa Pinot noir ndi Cinsaut. Vinyo wotere amaumitsa m'kamwa, ndipo mafuta a nyama ndiwo amamufewetsa. Chidede n'chofiira maonekedwe okha. Mphamvu yake ili m'kuwawasa. Tsono chowawasa chimagwira ntchito ya ndimu pa nsomba. Mlamba wowamba wa ku Chilwa kapena ku Chiuta, wonona bwino, ungayanjane naye, monganso kanyenya wa mbuzi.  Womasulira adabwereka lamulo la chipatso china nalikakamiza pa chipatso chathu, ndipo adamana vinyoyu ndiwo zomwe anthu a ku Machinga amadya kawirikawiri.

Cholakwa chachikulu koposa chili pamutu pa kapepalako, pomwe padalembedwa kuti "chakumwa cha chidede". Chidede chimamwedwanso chongowiritsa n'kuthira shuga, chopanda mowa, ndipo ana amamwa. Anthu ambiri a ku Nsanama ndi Asilamu, omwe chipembedzo chawo chimaletsa zoledzeretsa. Mutu wotere ungamwetse munthu chimene sadafune. Liwu lakuti "choledzeretsa" liyenera kuoneka poyamba, m'zilembo zazikulu.

Tikupempha omasulira onse kuti asanathamangire ku dikishonale ayambe alawa chinthucho, kenaka afunse amayi ophika ndi asodzi mmene iwo amatchulira chimene lilime lamva. Pa kapepalaka tikadakonda kuwerenga motere: "Vinyo wa chidede, choledzeretsa. Wofiira, wosatsekemera, wowawasako. Amayanjana ndi nsomba zonona ndi nyama yootcha."