Okonkwo ndi ESTJ? Zilembo zinayi sizinamupulumutse Ikemefuna

Sabata yatha pagulu lathu la owerenga mabuku pa WhatsApp panabuka mkangano wa zii. Funso linali lakuti Okonkwo wa m'buku la Chinua Achebe, Things Fall Apart, ndi ESTJ kapena ISTJ. Anthu anakangana mpaka mabandulo kutha. Ine ndinangoti phee, koma nkhaniyi yandikhala pamtima.

Kwa amene simukuzidziwa, zilembozi zimachokera ku mayeso a Myers-Briggs. Anawapanga ndi amayi awiri a ku America, Katharine Cook Briggs ndi mwana wawo Isabel Briggs Myers, potengera maganizo a Carl Jung a m'buku lake la mu 1921. Mumayankha mafunso angapo, monga ngati mumasangalala pagulu kapena muli nokha, ngati mumasankha zinthu ndi mutu kapena ndi mtima, kenako amakuikani m'gulu limodzi mwa magulu 16.

Sindikunena kuti ndi zachabechabe. Mnzanga wina amene ankaoneka wonyada chifukwa chothawa maphwando anapeza mawu ofotokozera kuti phokoso limangomutopetsa basi. Zimenezo ndi zabwino.

Vuto langa ndi loti mwa magulu 16 onsewo mulibe loipa. Aliyense amatuluka ali wanzeru, wachifundo kapena mtsogoleri. Mu 1948 mphunzitsi wina wa ku America, Bertram Forer, anapatsa ophunzira ake mayeso kenako aliyense anamupatsa pepala lomufotokoza. Ambiri anavomera kuti likunenadi za iwo. Kumene pepalalo linali limodzimodzi kwa onse. Tonsefe timakonda galasi lomwe limatikongoletsa, eti?

Tsopano tibwerere kwa Okonkwo. Ikemefuna anakhala m'nyumba mwake zaka 3 ndipo ankamutcha bambo. Pamene mudzi unagamula kuti mnyamatayo aphedwe, mkulu Ezeudu anamuchenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja lake. Iye anapitabe, ndipo pamene mwanayo anathamangira kwa iye kuti amuteteze, ndi iyeyo amene anamutema ndi chikwanje, poopa kuti anzake amuona wofooka.

Bwenzi lake Obierika, wa mudzi womwewo ndi miyambo yomweyo, sanapite nawo. Patsogolo pake Okonkwo atathamangitsidwa ku Mbanta kwa zaka 7, Obierika ndiye ankagulitsa zilazi zake n'kumupititsira ndalama. Palibe amene anamukakamiza.

Ndiye tiuzeni, ndi chilembo chiti chimene chikusiyanitsa amuna awiriwa? Mwina onse akanayankha kuti amalemekeza mwambo komanso amakonda dongosolo. Mayeso amafunsa zomwe umakonda uli phee pampando ndi foni m'manja. Achebe amamuika munthu m'nkhalango, chikwanje chili m'dzanja, mwana akulira, anzake akumuyang'ana. Khalidwe la munthu limaonekera pamenepo, pamene kuchita chabwino kuli ndi mtengo wake.

Chimene chimandiopsa n'chakuti tayamba kubisala kumbuyo kwa zilembozi. Munthu wakunyoza pagulu, ukamufunsa akuti "ndine INTJ, ndimangonena chilungamo". Wina sabweza ngongole, akuti mtundu wake sukonda kupanikizidwa. Ena mpaka akusankhira chibwenzi pa zilembo. Okonkwo nayenso akanatha kunena kuti ndi mmene analengedwera, koma buku lonse la mu 1958 likutisonyeza kuti anali ndi mpata wokana, ndipo mnzake anakanadi.

Yankhani mafunsowo ngati mukufuna, sekani, ikani zotsatira pa status. Koma mukafuna kumudziwa munthu, funsani amene anamubwereka ndalama, onani mmene amayankhulira ndi mlonda wa pageti, kumbukirani amene anabwera inu muli pamaliro. Kenako werenganinso mutu wa imfa ya Ikemefuna, mudzifunse nokha ngati tsiku limenelo mukanatsala kunyumba ngati Obierika.