"Hafu inchi" ndi dzina, si muyeso: za chilankhulo cha mapulambala ku Mulanje

Pali chizolowezi pakati pa ife ophunzira chomaona ngati mmisiri akamati "paipi ya hafu inchi" ndiye kuti watsalira, sanafike pa mamilimita. Ine ndikutsutsa. Mmene ndamvera mawuwa m'masitolo a hadiweya pa Chitakale ndi pa Limbuli, vuto lili pa kalembedwe kathu ife, makamaka mawu oti "kukula kwa paipi".

Tiyambe ndi tepi yoyezera. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, choncho theka lake ndi 12.7. Koma mukayeza paipi yachitsulo ya hafu inchi mupeza kuti kunja kwake ndi mamilimita 21.3, ndipo m'kati mwake muli pafupifupi 16. Palibe pamene pali 12.7. Ya wani inchi kunja kwake ndi 33.7. Zinakhala chonchi chifukwa mapaipi akale anali okhuthala kwambiri, moti bowo lake linkayandikira dzinalo. Opanga atayamba kuchepetsa kukhuthalako anasiya kunja kuli chimodzimodzi kuti mazinga, masoketi ndi maelubo azigwirabe. Bowo linakula, dzina linatsala.

Chichewa cha amisiri chinazindikira kale zimenezi. Tamverani mmene amalankhulira: "Mundipatse mahafu inchi atatu", "Firii kota yatha, yatsala hafu". Mawuwa alandira ma- wa zambiri ndipo akugwirizana ndi aneni ngati dzina lina lililonse, monga timachitira ndi "mafaifi handiredi". Pulambala akamati hafu sakuyeza kanthu ayi, akutchula mtundu wa paipi. Ngakhale mainjiniya amachita zomwezo akamalemba DN 15, chidule cha mawu a Chifalansa oti diamètre nominal, kutanthauza muyeso wa dzina chabe.

Chisokonezo chenicheni chimabwera ndi mapaipi apulasitiki. A PVC ndi akuda aja a HDPE amatchulidwa potengera kunja kwake: 20, 25, 32, 50, 63, 110. Ya 20 imayendera limodzi ndi hafu inchi, ya 25 ndi firii kota, ya 32 ndi wani inchi. Koma pa kalembedwe ka DN, nambala 20 ikuimira firii kota, 25 ikuimira wani inchi. Ndiye munthu akangoti "twente faifi", akunena iti? Nambala ndi imodzi, mapaipi ndi awiri osiyana. Nayonso 110 ya kuchimbudzi, imene ena amati "wani teni" ena "folo inchi", si mainchi anayi enieni, chifukwa amenewo ndi mamilimita 101.6.

Kwathu kuno nkhaniyi si yongokambirana m'kalasi. Madzi a m'mipope oyenda okha kuchokera m'mapiri anayamba ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968, ndipo posakhalitsa ntchitoyi inafika ku Chambe kuno ku Mulanje. Anthu akumudzi ndi amene ankakumba ngalande n'kukwirira mapaipi, ndipo mpaka lero paipi ikaphulika ndi makomiti a m'midzi amene amasonkha ndalama n'kutuma munthu kukagula. Wotumidwayo nthawi zambiri si pulambala. Wanyamula kapepala kolembedwa "paipi ya 25", walipira kabaza, wabwerako ndi yosalowana ndi inzake, ndipo wasitolo salandira paipi yodula kale. Amayi abwerera kumtsinje sabata ina yathunthu chifukwa cha nambala yosamaliza kunena.

Apa ndi pamene ndikudandaula ndi mawu oti "kukula kwa paipi", amene ambiri timathamangira tikamamasulira diameter. "Kukula" kumanyamula zambiri: kutalika, kunenepa, ngakhale msinkhu wa mwana. Paipi ili ndi miyeso itatu yosiyana, ndipo Chichewa chili nawo mawu a uliwonse. Bowo lodutsa madzi ndi "m'mimba mwake". Kuchokera mbali ina kufika mbali ina poyeza panja ndi "kunja kwake". Thupi la paipiyo ndi "kukhuthala kwake". Tikasonkhanitsa zitatuzi m'mawu amodzi, tikutaya kusiyanitsa kumene chilankhulo chinatipatsa chaulere.

Wina anganene kuti "m'mimba mwake" amagwiritsidwanso ntchito poyeza mtengo kapena chitsime, ndipo pa mtengo palibe bowo. N'zoona. Koma pa chinthu chamgologolo ngati paipi, mimba ndi m'kati, ndipo palibe mmisiri amene angamve mosiyana. Chizindikiro cha Ø chimene chimalembedwa pa mapulani ndicho chosanena zambiri, chifukwa pachokha sichiuza munthu ngati ndi m'kati kapena kunja.

Kukhuthala nako tisakupeputse. Mapaipi awiri a 32 akhoza kufanana kunja koma n'kusiyana kalasi. Zilembo ngati PN 10 kapena Class 10 zimasonyeza mphamvu ya madzi imene paipiyo ingapirire, ndipo 10 ameneyo ndi ngati kulemera kwa madzi otsika mamita pafupifupi 100. Kumunsi kwa phiri ngati lathuli, paipi yopyapyala imaphulika basi, ngakhale nambala yake itakhala yolondola. Amisiri amangoti "imeneyo ndi yofewa, sikhalitsa", ndipo amakhala akunena sayansi yomweyo.

Ndiye ndikupempha chiyani kwa olemba timabuku ta makomiti a madzi, omasulira maphunziro a TEVETA ndi anzanga a zilankhulo? Musachotse "hafu inchi" ndi "firii kota". Ndi mayina amene anakhazikika, ndipo kuwasintha kukhala "theka la inchi" kungawasandutse muyeso umene kulibe pa paipiyo. Lembani dzinalo, kenako mtundu wa paipi, kenako nambala yonena poyera mbali yoyezedwa: "paipi ya PVC ya firii kota, mamilimita 25 kunja kwake, kalasi 10". Chiganizo chimenechi mlembi wa komiti angachilembe, wotumidwa angachiwerenge, wasitolo sangachimve pawiri. Ndipo ngati pali chidutswa cha paipi yophulikayo, wotumidwa anyamulenso chomwecho.