KUWERENGA MBALAME: ZOYAMIKA NDI ZODANDAULA

Pali mwambo wina umene wafala m'maiko ambiri, ndipo tsopano wafikanso m'dziko lathu lino la Malawi, ndiwo mwambo wa kuwerenga mbalame. Anthu amalawira m'mamawa, natenga buku ndi colembera, napita kudambo kapena kuphiri, si kukasaka ndiwo iai, koma kukapenya mbalame ziri komweko, ndi kulemba maina ao ndi kucuruka kwao. Ife a kuno kwa Champiti, m'boma la Ntcheu, tikamva zotere timayamba taseka, pakuti kwathu munthu wamkuru wolondola mbalame wopanda uta kapena ulimbo timuyesa wosowa nchito. Koma nkwabwino kuti tiyambe tauyesa mwambowu pa muyeso, pamodzi ndi mabuku amene unabala, kuti tione cimene ciri cokoma, cimene ciri coperewera, ndi gawo lathu m'menemo.

Ciyambi cace ndi ici. Ku America kunali cizolowezi cakuti pa tsiku la Khrisimasi amuna ankagawikana magulu awiri, napikisana kuti aone gulu limene lidzapha nyama ndi mbalame zambiri. M'caka ca 1900 katswiri wina wa mbalame, Frank Chapman, anapempha anzace kuti m'malo mwa kuzipha aziwerenge. Anabvomera anthu 27 okha, nawerenga m'malo 25. Kuyambira pamenepo kuwerengako kumacitika caka ndi caka kufikira lero. Mu 1967 kunayambanso kuwerenga mbalame za m'madzi m'maiko ambiri nthawi imodzi, ndipo mu 2002 sukulu yaikuru ya Cornell inatsegula kaundula wa pa intaneti, dzina lace eBird, m'mene munthu ali yense angatumize zimene waona. Nzeru yace ndi yomwe ija makolo athu anaidziwa kale, kuti mutu umodzi susenza denga. Katswiri mmodzi sangakhale ku Nsanje ndi ku Chitipa tsiku limodzi, koma anthu wamba ambiri, yense akapenya pa khomo pace, aona zimene katswiriyo sakadaziona moyo wace wonse.

Tsono za mabuku a dziko lathu. Mu 1930 Charles Belcher, amene adakhalapo woweruza milandu kuno, anasindikiza buku la mbalame za Nyasaland. Mu 1953 C. W. Benson anaturutsa mndandanda wina, ndipo mu 1977 iye ndi mkazi wace analemba buku la mbalame za Malawi. Lalikuru koposa onsewa ndi The Birds of Malawi la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett, limene linaturuka mu 2006. M'menemo muli mitundu ya mbalame yokwana ngati 650, ndi mapu osonyeza kumene mtundu uli wonse upezeka, ndi mau ofotokoza malo amene ukonda ndi nyengo imene uikira mazira.

Buku limeneli tiliyamika ndi mtima wonse, ndipo cifukwa cace cacikuru ndi cakuti likhala mboni. Munthu akanena pa bwalo kuti kale mbalame zinali zambiri, anyamata amangoti nzokamba za okalamba. Koma cinthu cikalembedwa, pamodzi ndi malo ndi caka cace, sicikanidwa. Mwa mabuku otere tidziwa kuti pali kambalame kena ka pakhosi pacikasu, kamene akatswiri akacha Apalis flavigularis, kamene malo ace odziwika ndi nkhalango za Mulanje, Zomba ndi Malosa. Mwa mabuku omwewo tidziwanso mbalame zimene zinkakhala m'nkhalango ya pa phiri la Thyolo isanadulidwe. Pakadapanda olemba, mbalamezo zikadatha mwakacetecete, osadziwa munthu kuti cataika nciani.

Koma tiri nazo zodandaula zitatu, ndipo tizinena poyera, popeza wokuuza coona ndiye mbale wako.

Coyamba ndi ca cinenero. Mabuku onse tachulawa analembedwa m'Cingerezi, ndipo maina amene akatswiri amagwirizana nao ndi a Cilatini. Mlimi wa kwa Champiti adziwa nkhwali, nkhanga, zinziri, njiwa, pumbwa, nthengu, lumbe, gogomole ndi nanchengwa. Adziwa kulira kwa iri yonse, cisa cace, ndi cakudya cace. Koma akatsegula bukulo akhala ngati mlendo pa mudzi wace womwe. Nanga buku lonena za mbalame za m'munda mwace lidzamthandiza bwanji, ngati iye sangathe kuliwerenga, ndipo mtengo wace ndi wosafikirika kwa munthu wodalira khasu?

Caciwiri ndi ca ulemu. Tikapenya pa zikuto za mabuku akalewo tiona maina a Azungu, koma m'thengomo sanayende okha. Benson anali naye mnzace wa pa nchito, Jali Makawa, Mlomwe wobadwira ku Mozambique, amene anayenda naye zaka zambiri kuno, ku Zambia, ngakhale ku zisumbu za Comoro mu 1958. Makawa anali ndi khutu lakuthwa lozindikira mbalame pa kulira kwace, ndipo ankadziwa kuziyeseza kufikira zimyandikira. Tisamnamizire Benson, pakuti anamcitira ulemu mnzaceyo: mu 1945 anacha dzina lakuti makawa mbalame ina ya m'nkhalango za m'mapiri a kumadzulo kwa Shire, tsidya lathu lomwe lino. Komabe ndani mwa ana a sukulu zathu anamvapo za Makawa? Mbiri yace inalongosoledwa bwino ndi mai wina wa ku America, Nancy Jacobs, m'buku lace Birders of Africa la mu 2016, nalonso m'Cingerezi. Ticita manyazi kuti mbiri ya munthu wathu tiimvera kwa alendo.

Ndipo wina asayese kuti nzeru za kumudzi ndi nthano cabe. Makolo athu ankanena kuti nsadzu imatsogolera munthu ku njuci. Mu 2016 Claire Spottiswoode ndi anzace anafalitsa zimene anapeza pakati pa Ayao ofula uci ku Niassa, m'dziko la Mozambique. Anayesa kuitana nsadzu ndi mau amene Ayaowo amaiitanira, nayesanso ndi mau ena wamba. Anapeza kuti ndi mau a Ayao aja mwai wa kufika pa njuci unakula pafupifupi katatu. Taonani, cimene akatswiri anacitsimikiza ndi makina, ofula uci anacilandira kwa atate ao.

Cacitatu ndi ca macitidwe a kuwerengako. Masiku ano, kuti zoona za munthu zilowe m'kaundula wa dziko lonse lapansi, afunika lamya ya m'manja, ndalama za intaneti, ndipo kawirikawiri magalasi oonera patali. Zotere ziri m'manja mwa anthu a m'tauni ndi alendo odzaona dziko. Iwowa amakonda kupita kumene kuli mbiri, monga ku Liwonde, ku Nyika, ku Dzalanyama ndi ku Zomba, nakhalako masiku awiri kapena atatu. Midzi ndi minda ya anthu amangoipitirira pa galimoto. Koma mlendo aona tsiku limodzi, mwini mudzi aona caka cathunthu. Mai wopita kumunda m'mawa uli wonse ndiye adziwa sabata imene anamzeze abwera mvula iri pafupi, ndi caka cimene anacedwa. Mwambo umene uchedwa wa anthu wamba, koma nusiya kunja anthu wamba a kumudzi, uli ngati nkhokwe yomangidwa kutali ndi munda.

Kuti eni dziko akalowamo zinthu zimayenda mwina, tiphunzira ku nyanja ya Chilwa. Mu 1997 dziko lathu linalowa m'pangano la maiko la Ramsar losunga madambo, ndipo Chilwa ndiyo inali malo oyamba kulembedwa. Kumeneko anthu amachera mbalame za m'madzi kuti adye ndi kugulitsa, makamaka m'zaka zimene nyanja yaphwa ndipo nsomba zasowa, monga mu 1995. Pa nthawi imeneyo akatswiri anayerekeza kuti mbalame zogwidwa pa caka zinkaposa 1,000,000. Kukadakhala kwapafupi kulemba lamulo loletsa, koma lamulo silikhutitsa mwana wanjala. Cimene cinacitika m'zaka zotsatira ndi cakuti ochera mbalame anasonkhanitsidwa m'magulu ao, mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947. Maguluwo anapangana za malo osasakako ndi za nyengo yoleka mbalame ziswane. Sitinena kuti mabvuto onse anatha pomwepo iai. Koma njira yace ndiyo yoona: wochera msampha ndiye adziwa kumene mbalame iikira, ndipo akaona kuti ndiwo za ana ace za caka camawa ziri m'mazira a caka cino, adzakhala mlonda woposa msilikali.

Tsopano, abale, tatha kuloza cala kwa alendo. Titembenukire kwa ife eni. Mbalame ikakhala pa uta siilasika, ndipo mlandu wa pa khomo pako ubvuta kuweruza, koma tiyenera kuuweruza.

Anyamata athu ayenda ndi malegeni m'khosi, nalasa ciri conse couluka, cingakhale kambalame kosakwana nthongo imodzi ya nsima, kangakhale kali pa mazira. Timba sacepa ndi mazira ace. Ukapha make wapha cisa conse. M'cirimwe titentha chire cifukwa ca mbewa, ndipo moto umodzi utha tsekera ndi zitsamba zonse zimene nkhwali ndi nkhanga zikadabisalamo. Mitengo ya m'mapiri a Ntcheu isanduka matumba a makala a m'mbali mwa mseu, ndipo mtengo waukuru ukagwa, pagwanso mphako imene gogomole ndi kadzidzi akadakhalamo. Kadzidziyo timponya miyala pomuyesa mthenga wa maliro, pamene iye usiku wonse ali kutigwirira makoswe amene atha cimanga m'nkhokwe. Pamenepa buku liposa mwambo wathu, ndipo tiyenera kulimvera.

Palinso pena pamene buku litiposa. Ife tikhoza kucha timbalame ta mitundu yambiri ndi dzina limodzi, monga timba kapena mpheta, ndipo motero mtundu umodzi ukatha sitizindikira. Ndiponso nzeru zathu zikhala m'mutu mokha. Nkhalamba ikamwalira ipita nazo, ndipo mdzukulu wace ayesa kuti kucepa kwa mbalame kumene akuona lero ndimo munali kuyambira kale. Sitikadadziwanso kumene anamzeze ena apita akacoka kuno pakadapanda olemba. Namzeze wina anabvekedwa kamphete pa mwendo ku England mu 1911, napezeka ku Natal, m'dziko la South Africa, mu 1912. Kanthu kakang'ono kotero kaoloka nyanja ndi cipululu, kudzangofera pa ulimbo wa mwana wosadziwa ulendo wace.

Maweruzo athu tsono ndi awa. Mwambo wa kuwerenga mbalame ndi wabwino, ndipo mabuku ace ndi cuma ca dziko. Koma uli ndi mwendo umodzi. Akatswiri ali ndi kulemba, ife tiri ndi maso a tsiku ndi tsiku, ndipo awiriwa sanakomane mokwanira.

Kwa olemba mabuku ndi a mabungwe tipempha zitatu: kabuku ka mtengo wocepa ka m'cinenero cathu, kokhala ndi zithunzi ndi maina amene anthu amachula, njira yakuti zolembedwa pa pepala kumudzi zilandiridwe m'kaundula wamkuru, ndi kuti dzina la munthu wa kumudzi amene waona cinthu lilembedwe pamodzi ndi cimene waonaco.

Kwa ife eni, nchitoyi sifuna ndalama. Sukulu iri yonse ikhoza kukhala ndi kope limodzi la mbalame. Ana asankhe njira imodzi, monga yocokera pa sukulu kufika kudambo, naiyende kamodzi pa mwezi, m'mamawa, nalembe tsiku, malo, dzina la mbalame ndi kucuruka kwace. Dzina likawasowa akafunse agogo ao, ndipo alembenso zimene agogowo anena za mbalameyo. Alembe tsiku loyamba kuona anamzeze, ndi tsiku lomariza. Asalembe cimene sanacione, pakuti kaundula wabodza aipa koposa kusowa kaundula. Zikapita zaka 10, kope limenelo lidzanena za mudzi wao zimene palibe buku lina lingazinene. Ndipo taona kuti mnyamata wopatsidwa nchito ya kuwerenga zisa sacedwa kukhala wozichinjiriza.

Mafumu athu naonso ali ndi gawo. Iwo ndiwo asunga nkhalango za kumanda, kumene nkhwangwa silowa wamba, ndipo m'midzi yambiri mitengo ikuruikuru yatsala komweko kokha. Mphamvu yomweyo ikhoza kupatula kathengo kena ka mudzi, ndi kuletsa malegeni ndi ulimbo m'nyengo ya mvula pamene mbalame zambiri ziswana.

Tisadikire kufikira tsiku limene ana athu adzafunsa kuti nkhwali inkalira bwanji, ife nkusowa pakuwaonetsa. Akuru anati nkhanga zinapangana kusanapse. Nafenso tipangane tsopano, udzu ukali wauwisi.