Za Mtima Wobisika m'Nkhani ya Mbona

Aphunzitsi ena amati nthano za makolo athu sizidziwa za m'kati mwa munthu, zingokamba zooneka ndi maso: uje anathawa, uje anapha. Ife sitibvomereza mau amenewa, ndipo mboni yathu ndiyo nkhani ya Mbona, amene kacisi wace ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje.

Okamba nkhaniyi sanena cimodzimodzi, monga anaonetsa Bambo Matthew Schoffeleers m'buku lace River of Blood la caka ca 1992. Ena amati mdani wa Mbona anali Lundu. Ena amati anali Mlauli, mtsibweni wace. Titsate njira yaciwiriyi.

Kunagwa cilala. Mlauli anabvina, mvula osagwa; anabvina mwana wa mlongo wace, mvula ndi kugwa. Taimani pamenepa, mulingalire mtima wa mkuluyo. Monga wopempha mvula, anayenera kukondwera kuti anthu apulumuka. Monga mtsibweni, anayenera kunyadira kuti mphamvu yakhalabe m'pfuko mwao. Koma monga munthu, anacita manyazi pamaso pa khamu. Cinenero cathu ciri nalo dzina la cinthu cotere, ndilo cakukhosi: cimene munthu sakhoza kumeza, sakhozanso kulabvula. Wokamba nkhani sautambasula mtima umenewu. Atisonyeza mapazi okha a anthu olondola Mbona kunka kumwera, ndipo kutalika kwa ulendowo ndiko muyeso wa cakukhosico.

Cozama koposa ciri pa imfa ya Mbona. Zida za adani ace zinalephera, kufikira iye mwini anawaululira comuphera. Anatero cifukwa ninji? Kodi anatopa ndi kuthawa? Kodi cinamsweka mtima cifukwa omfunawo anatumidwa ndi mbale wace? Kapena anadzipereka dala? Nkhani ikhala cete, ndipo ife tiyesa kuti luso lace liri m'cete momwemo, pakuti womvera aliyense ayankha ndi zimene wabisa iye mwini.

Colakwa ticipeza mwa ife okamba a masiku ano. Tifulumira kumsandutsa Mlauli coipa copanda nkhope, ndipo ana aturuka osaphunzira kanthu, pakuti palibe mwana adziyesa cirombo. Mukafika pa kugwa kwa mvula, lekani kaye, mufunse ana kuti Mlauli anagona bwanji usiku umenewo. Amene anapambanidwapo ndi mng'ono wace adzayang'ana pansi. Ameneyo ndiye wamva nkhani.