Matisheti Atachapidwa

Chaka ndi chaka, pa 10 Okutobala, maiko amakumbukira tsiku la umoyo wa maganizo. Adaliyambitsa mu 1992 ndi a bungwe la World Federation for Mental Health, ndipo mu 2017 ndi mu 2024 mutu wake udali wonena za anthu apantchito. Cholinga chake nchabwino, sitikuchinyoza ayi. Komabe nkoyenera kuti tidzifunse ngati kasungidwe kathu ka tsikuli kamamfikadi munthu amene adalikhazikitsira.

Tidakhalapo pa mwambo wotere pa ofesi ina. Antchito adavala matisheti atsopano, bwana adawerenga mawu olemberatu, nanena kuti khomo lake nlotsekula kwa aliyense wovutika mumtima. Anthu adaomba m'manja, adamwa zoziziritsa kukhosi, nabalalika. Pa mzere wakumbuyo padakhala kalaliki wina amene tonsefe tinkadziwa kuti tulo sakutiona chifukwa cha katapila. Nayenso adaomba m'manja. Nanga akadatani? Kodi munthu angaulule kuti mutu wake sukuyenda bwino kwa yemwe amasaina za kukwezedwa kwake pantchito? Khomo lija lidalidi lotsekula, koma wolowapo adayenera kusiya ulemu wake panja monga nsapato.

Tsono taonani kuno ku Mwanza. Pachipata chathu chotulukira ku Zobue pamadutsa katundu wochokera ku Beira, ku Harare ndi ku Johannesburg. Madalaivala a mathiraki amagona m'galimoto kudikira mapepala, kutali ndi akazi awo ndi ana awo. Pali anyamata a kabaza, pali osintha ndalama, pali amayi ogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu, amene nyengo ya zipatso ikatha amayamba kuwerenga nsungwi za kudenga usiku. Onsewa ndi antchito, koma alibe holo yochitiramo mwambo, alibenso bwana woti awagulire tisheti. Tsikuli tidalisoka pa msinkhu wa anthu a mataye okha.

Mu 2022 mabungwe a WHO ndi ILO adalengeza kuti masiku ogwira ntchito okwana 12 biliyoni amatayika chaka chilichonse chifukwa cha nkhawa ndi matenda a kukhumudwa. Chiwerengerochi olankhula pamisonkhano amachikonda, poti chimadzutsa eni ntchito. Ife chimatichititsa kakasi pang'ono. Ngati tisamala wantchito chifukwa chakuti kudwala kwake kukutitayitsa phindu, ndiye kuti tamuyesa ng'ombe yapangolo, imene timaimwetsa mankhwala kuti mawa ikokenso. Chimene olankhulawo amachilumpha nchakuti malangizo a WHO a chaka chomwecho adati akuluakulu a pantchito ndiwo aphunzitsidwe, ndiponso kuti zosautsa za pantchitopo zichepetsedwe. Namwino wotsala yekha ndi wodi yonse usiku, kapena mphunzitsi woyang'anizana ndi chikhamu cha ana pansi pa mtengo, sangachire ndi ulaliki wakuti azipuma mokwanira. Amene adamsenzetsa katunduyo ayambe wamtula.

Palinso vuto la pakamwa pathu. Tikamva kuti wina akudwala maganizo, mawu ofulumira kutuluka ndi akuti wapenga, apite ku Zomba. Mwana wamwamuna timamlera ndi mawu akuti mwamuna salira, ndipo akakula timadabwa kumuona akukalirira m'botolo la kachasu. Pamaliro pake mpamene timati, akadanena. Akadanena kwa yani, poti tonse tidali okonzeka kumseka?

Anzathu a ku Zimbabwe adayesa njira ina. Mu 2006 dokotala Dixon Chibanda adayambitsa ku Harare ntchito yotchedwa Friendship Bench: agogo aakazi ophunzitsidwa pang'ono amakhala pa benchi kunja kwa chipatala, namamvetsera anthu odwala chimene Ashona amati kufungisisa, ndiye kuti kuganiza mopitirira. Palibe nsanja, palibe mlendo wolemekezeka. Mphamvu yake ili pakuti gogoyo sangakuchotse ntchito, ndipo sabata yamawa udzampezanso pomwepo.

Ife a Mpingo nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Yohane wa Mulungu woyera, amene adamwalira ku Granada mu 1550, adatsekeredwapo iye mwini m'chipinda cha odwala misala, nalawa chikoti chimene masiku amenewo ankachiyesa mankhwala. Atatuluka adapereka moyo wake wonse kwa odwala, ndipo abale a chipani chake akhala akutumikira odwala maganizo ku Mzuzu kuyambira m'zaka za m'ma 1990. Koma Mzuzu ndi kutali ndi Thambani kapena Kunenekude. Chimene chili pafupi ndi mphakati, umene umakumana m'nyumba zathu zomwe. Kumeneko timadziwa kusonkha ufa ndi nkhuni wina akamwalira. Kukhala pansi ndi bambo amene wangoyamba kukhala chete, osamuweruza, osathamangira kumuuza kuti chikhulupiriro chake chachepa, ndi kumperekeza kuchipatala ngati zafika pamenepo, izi sitidazizolowere.

Kalaliki uja adafika pantchito m'mawa mwa pa 11 Okutobala nthawi yake yamasiku onse. Tidamfunsa kuti wadzuka bwanji, iye adati wadzuka bwino, kaya ife. Tidati tadzuka bwino, ndipo aliyense adalowa mu ofesi yake.