Za Buku la Augustine, Lochedwa Mudzi wa Mulungu

Pamene mtundu wa anthu ulemera ndi kupambana pankhondo, anthu afulumira kunena kuti Mulungu aukonda. Ndipo pamene ugwa, ati wautaya. Mau otere timawamva pabwalo, ndi m'nyumba ya Mulungu momwe. Cifukwa cace tifuna kuyesa buku lakale la munthu wa mu Afrika, limene linalembedwa kuyankha mlandu womwewu, kuti tione pamene linalungama ndi pamene linaphonya.

M'caka ca 410, Alaric, mfumu ya anthu ochedwa Goth, analowa m'mudzi wa Roma ndi ankhondo ace, naufunkha masiku atatu. Kwa zaka ngati 800 panalibe mdani wakunja amene analowa m'mudzimo, motero mantha anagwira dziko lonse la Aroma. Otsata milungu yakale anati, Mwaletsa nsembe za makolo athu, ndipo milungu yatisiya. Pakuti mfumu Theodosius inaletsa nsembezo m'zaka za 391 ndi 392. Akristu omwe anasowa conena, popeza ambiri a iwo anayesa kuti ufumu wa Roma, utalandira Uthenga m'masiku a Constantine, udzakhala cikhalire. Eusebius wa ku Caesarea, wolemba mbiri ya mpingo, ndiye mmodzi wa iwo amene anatama Constantine monga wosankhika wa Mulungu.

Pamenepo anauka Augustine, woyang'anira mpingo wa ku Hippo, mudzi wa m'mbali mwa nyanja umene lero uchedwa Annaba, m'dziko la Algeria. Anayamba kulemba m'caka ca 413, natsiriza ngati m'caka ca 426, ndipo buku lace liri ndi zigawo 22. M'zigawo 10 zoyamba atsutsa opembedza mafano, nawakumbutsa kuti miliri, njala ndi nkhondo za pacibale zinasautsa Roma Kristu asanabadwe, milungu yao iri cete. M'zigawo 12 zotsala afotokoza za midzi iwiri, ciyambi cace, mayendedwe ace ndi citsiriziro cace. Wina ndiwo wa onse odzikonda okha ndi kufuna ulemu wa anthu. Unzace ndiwo wa onse okonda Mulungu. Midzi iyi iribe malinga ooneka ndi maso. Anthu ace akhala osanganizika monga tirigu ndi namsongole m'munda umodzi, ngakhale mu mpingo momwe, kufikira tsiku la kukolola.

Cimene tiyamika koposa m'bukuli ndi ici, cakuti Augustine anakana kuwerenga cikondi ca Mulungu pa kukula kwa ufumu. Aonetsa kuti Mulungu yemweyo amene anapatsa ufumu Augustus anaupatsanso Nero wankhanza; amene anaupatsa Constantine anaupatsanso Julian, amene anakana cikhulupiriro. Tsono mpando wacifumu suli cizindikilo cakuti munthu kapena mtundu wakondweretsa Mulungu. Asimbanso za wacifwamba wa panyanja amene anagwidwa ndi Alexander, nauza mfumuyo kuti nchito yao ndi imodzi, koma iye aicita ndi ngalawa imodzi, pamene mfumu iicita ndi zombo zambiri. Potero atiphunzitsa kuti ufumu wopanda cilungamo usiyana ndi gulu la acifwamba pa kukula kokha. Izi zigwirizana ndi Malembo, m'mene Asuri anali ndodo m'dzanja la Mulungu nathyoka pambuyo pace, ndi Koresi wa ku Perisiya anabweza Ayuda kwao ngakhale sanadziwa Yehova.

Nzeru yace ioneka bwino tikaiyesa pamodzi ndi buku la wophunzira wace Orosius, amene analemba zigawo 7 za mbiri ya dziko kuti aonetse kuti masautso anacepa citafika Cikristu. Mau a Orosius anali okoma m'khutu, koma zaka zinawatsutsa, pakuti m'caka ca 476 mfumu yotsiriza ya Roma wa kumadzulo inacotsedwa pampando. Augustine sanalonjeza zotere. Iye mwini anamwalira m'caka ca 430, ankhondo ochedwa Vandal atazinga Hippo, ndipo ciphunzitso cace sicinagwa pamodzi ndi mudziwo.

Koma sitingabise zolakwa zace. Coyamba, bukuli litalika koposa muyeso, ndipo zigawo zina zitha masamba ambiri potonza milungu imene palibe aikumbuka lero. Caciwiri, ndico cacikuru, Augustine anayesa ukapolo cilango ca ucimo, nalangiza akapolo kumvera, osati kuti ukapolowo uthe. Ife amene makolo athu anaona magoli pa njira ya ku Nkhotakota ndi ku Kilwa sitingalandire mau awa mosavuta, ngakhale tidziwa kuti anthu a mpingo wace anaombola ena kwa ogulitsa anthu. Cacitatu, iye amene anaphunzitsa kuti mudzi wa Mulungu sudalira lupanga, anabvomera kuti boma la Roma likakamize Akristu a mpatuko wa Donatus kubwerera ku mpingo. Apa mphunzitsi anatsutsana ndi buku lace, ndipo a m'mibadwo yotsatira anacita zoipa zambiri potsamira pa dzina lace.

Nanga ife titengapo ciani? Akuru anati, Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ufumu wa Britain unalamulira Nyasaland kuyambira 1891 kufikira 1964, ndipo analipo amene anauyesa dzanja lamanja la Mulungu. Koma unatha monga anatha enawo. Ku South Africa ena anaphunzitsa kuti mtundu wao unapatulidwa kuti ulamulire anzao, ndipo ulamuliro umenewo unafika pa mapeto ace m'caka ca 1994. Ticenjere tsono, kuti tingabwereze cinyengo comweco ponena za dziko lathu, kapena pfuko lathu, kapena cipani cathu. Paulo anauza anthu a ku Atene kuti Mulungu anaikira mitundu yonse nyengo ndi malire kuti imfunefune Iye. Sanachula mtundu umodzi wokhala mwana wapamtima.

Augustine sanatiuza kunyoza dziko limene tikhalamo. Anati a mudzi wa Mulungu afune mtendere wa dziko lino ndi kuugwiritsa nchito, monga Yeremiya analangiza andende a ku Babulo. Motero, abale, tilime minda, tiphunzitse ana, tiweruze milandu molungama, tipempherere olamulira ndi kuwadzudzula pamene apotoza cilungamo. Ndipo pamene wina adzaima pakati pathu ndi kunena kuti kulemera kwa mtundu wakuti kuonetsa kuti Mulungu aukonda koposa ina, timfunse za Nero.