Ng'oma za Mayi Townsend a ku Leicester

Yambitsa mbalule, mnyamata. Mpanje uyankhire pansi, gunda atsekere kumbuyo. Amayi, konzani kukhosi, nthungululu zifunika. Dzina la lero ndi la kutsidya kwa nyanja, koma ng'oma ilinyamula.

Sue Townsend! Mwana wa ku Leicester, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Soar, wobadwa pa 2 Epulo 1946. Inu Nachedwakuwerenga, zilembo zinakukanani mpaka zaka 8, koma mutazigwira mchira simunazitayenso. Inu Natsanzikasukulu, munatuluka m'kalasi muli kamtsikana, manja opanda satifiketi, n'kukalowa m'fakitale, m'sitolo, pomwetsera mafuta galimoto. Pofika zaka 23 ana atatu ali m'chiuno, kenako bambo wa anawo n'kunyamuka. Ilire apo ng'omayo, ilire!

Nalemberamseri! Nabisamapepala! Zaka pafupifupi 20 munkalemba ana atagona, ngati munthu wofulula kachasu poopa apolisi. Mpaka munalimba mtima n'kulowa m'gulu la alembi ku nyumba ya zisudzo ya Phoenix, ndipo sewero lanu Womberang la 1979 linatenga mphotho. Nyumba ija lero ili ndi dzina lanu pakhomo.

Tsopano fulumizani manja, tafika pa mwana wanu wa m'buku.

Make Adrian! Mzamba wa Adrian Mole! Mu 1982 munatibalira The Secret Diary of Adrian Mole, Aged 13¾, dayale ya mnyamata wa ziphuphu kumaso amene amadziyesa katswiri wa nzeru wosadziwika ndi dziko. Amalemba ndakatulo, amatumiza ku BBC, zimakanidwa, iye n'kumanyadira kalata yokanirayo. Mtima wake wafera Pandora Braithwaite. Amayi ake akuzemberana ndi bambo Lucas a nyumba yoyandikana, wowerenga aliyense akuona, mwiniwake yekha ndiye sakuona kanthu. Bambo ake ntchito yatha, ndi masiku a Margaret Thatcher, magetsi akudulidwa, ndipo mnyamatayo akukasamalira nkhalamba yaukali, Bert Baxter, ndi galu wake Sabre. Kodi Adrian ameneyu sitikumudziwa? Mudzi uliwonse uli naye, uja wa Fomu 2 woyenda ndi dikishonale m'khwapa, wothyola Chingerezi ngakhale pa maliro. Timamuseka, komanso timamusungira nsima. Inu mayi munatero kumene: umphawi munauseka, osauka simunawanyoze. Luso limeneli ndi la anthu ochepa, poti ambiri akati aseke wosauka amayamba ayima kaye pa chulu.

Wofuna kuyamba ayambire pamenepa, atsatize The Growing Pains of Adrian Mole la 1984. Akafuna kudumpha a pakati adumphe, sindimuletsa. Koma limodzi ili asalilumphe.

Tsitsani ng'oma pang'ono, mawu amveke.

Adrian Mole and the Weapons of Mass Destruction, 2004. Kwa ine iyi ndiyo nkhokwe yaikulu pa mudzi wanu. Adrian wakula, akugulitsa mabuku mu Leicester, wagula nyumba pa Rat Wharf ndi ndalama zimene alibe, akubweza ngongole ndi ngongole inzake ngati munthu wa katapila, ndipo tsekwe woyera wa khosi lalitali akumuzunza pakhomo pake pomwe. Amakhulupirira Tony Blair ndi mtima wonse pa nkhani ya zida za ku Iraq, pamene mwana wake Glenn wavala yunifolomu, wapita kunkhondo komweko. Umayamba ukugwira nthiti, umatsiriza uli duu, wagwira tsaya.

Nalembamumdima! Bukuli munalipanga maso atapita. Matenda a shuga anawatenga, mu 2001 munalembedwa m'kaundula wa osaona, koma inu n'kumanena ndi pakamwa ena akulemba. Khungu lomwelo munam'patsako Nigel, mnzake wa Adrian, ndipo simunam'sandutse munthu womvetsa chisoni. Lilime lake linakhalabe lakuthwa ngati chipande cha botolo.

Kwezaninso, amayi lowani m'bwalo!

Natsitsamafumu! Mu The Queen and I la 1992 munathetsa ufumu ndi cholembera, munawatenga Mfumukazi ndi banja lonse n'kuwakhazika m'nyumba za khonsolo, pakati pa anthu odikira thandizo la boma. Mfumukazi pa mzere, chikwama chopanda kanthu! Taganizani Gogo Chalo akupempha mchere kwa mnansi. Koma ngakhale iwo simunawavule ulemu, munangowaonetsa mtengo wa buledi.

Nagonetsamayi! The Woman Who Went to Bed for a Year, 2012: Eva, mapasa ake atapita ku yunivesite, anakwera pabedi n'kukana kutsika, watopa kutumikira. Ndinene zoona ng'oma ikumva, chakumapeto limalefuka pang'ono bukuli. Komabe m'patseni mayi aliyense amene sanapumepo chikwatiwireni, muone ngati alibweza msanga.

Nalandiraimpso, mu 2009 mwana wanu wamwamuna anakupatsani yake. Chaka chomwecho Leicester anakuvekani ulemu wa mfulu ya mzinda, chaka chomwecho munatulutsa The Prostrate Years, Adrian akulimbana ndi khansa, akulembabe dayale yake. Pa 10 Epulo 2014 munagona muli ndi zaka 68, ndipo mapepala aja munkabisa ali m'laibulale ya yunivesite ya Leicester, aliyense wofufuza akuwavundukula masana.

Gunda aleke. Mpanje uleke. Mbalule yekha atsale, alengeze ichi bwalo lisanabalalike: amene anabwereka buku langa la 2004 lija, lachikuto chong'ambika, alibweze Loweruka, pali atatu akudikira.